Bokosi la akadzidzi pakhomo la mwana wodwala

"Iwe mudala, mwana akali na moyo, iwe wabwela kale na bokosi? Nindani anakutuma?"

Amene anakuwa choncho anali bambo wa mwana wodwalayo. Ine ndinali pamwamba pa denga la malata ku komboni ya Mtendere, hamala m'thumba, katoni m'manja. Ndinamuyankha mmene ndimayankhira aliyense wondikuwira. Ndinati, "Ukamba na ndani iwe? Ine nenze kukhoma misomali iwe ukalibe kubadwa." Anangogwira makwerero anga n'kuwakankhira pansi, ndipo phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira padenga limenelo.

Ndine kalipentala wa ku komboni ya Kalingalinga. Atate anga anachokera ku Malawi kudzaphikira azungu, ine ndinabadwira konkuno, ndinamaliza sekondale, ntchito ya muofesi n'kundikana. Shopu yanga ili m'mbali mwa msewu, pakati pa owotcherera mageti. Ndimapanga zitseko, mabedi, mipando, ndiponso mabokosi a maliro, chifukwa zina zonse zikaima, amenewo saima. Chaka chimene magetsi ankazima tsiku lonse ntchito inachepa kwambiri, ndipo mtima wanga, umene ndi waufupi kale, unafupikirapo. Makasitomala awiri ndinawathamangitsa ndekha ndi pakamwa.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wamagalasi, amayi Tembo, mphunzitsi wopuma pantchito. Anafuna bokosi la matabwa lotalika ngati mkono, lokhala ndi bowo limodzi chakumtunda lolowa nkhonya ziwiri, kakhoma m'kati, timabowo totulutsa madzi pansi, ndi utuchi woyalamo. Ndinafunsa ngati ndi la nkhunda. Iwo anati, "Iyayi, ba Mwale, ni ya akadzidzi." Ndinalavula pansi. Ine ndinakula ndikuona amayi anga akuponya chikuni chamoto padenga kadzidzi akalira, ndipo m'mawa mwake tinkawerengana ngati tonse tadzuka.

Amayi Tembo sanakwiye. Anati banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ambiri kuposa amphaka onse a pa yadi, ndipo amene akumaliza mbalamezi mumzinda ndi miyala ya anthu ndi mankhwala a makoswe. Anandiitana ku msonkhano wa gulu lawo losamalira zachilengedwe, Loweruka, m'kalasi ya sukulu ina. Ndinapita chifukwa ndinkafuna ntchito ya mabokosi, osati chifukwa cha mbalame.

Kumeneko ndinapeza kuti gululo silikakamiza munthu chimene sangathe. Ena amafesa mitengo m'timapepala takuda n'kukabzala m'masukulu ndi m'matchalitchi mvula ikayamba. Ena amavala majombo n'kuchotsa mapulasitiki m'ngalande madzi asanasefukire m'nyumba. Panali achinyamata amene amapita kumadambo ndi magalasi oonera patali kukalemba mbalame zimene aona, panali azimayi olankhula ndi ana m'makalasi, ndi nkhalamba ina imene inkangopereka chopereka chake n'kumagona pamsonkhano. Koma panalinso foni ya gulu, imene anthu amaimba akapeza njoka m'chimbudzi kapena mbalame m'denga. Ntchito ya njoka inali ndi anthu ake. Ya m'denga inalibe munthu, chifukwa onse ankaopa kuboola malata a eni ake. Amayi Tembo anandiyang'ana. Ndinati denga ine ndimalidziwa. Mabokosi ankandilipira, koma kukwera kunali kodzipereka.

Anandiphunzitsa bwino. Magolovesi achikopa ofika m'chigongono, chifukwa chimene chimavulaza si mlomo koma zikhadabo. Thaulo loponya pamutu pa mbalame kuti ikhale phee. Osagwira mapiko. Katoni yoboola m'mbali. Tochi. Ana a kadzidzi sutengera kutali: umawaika m'bokosi lamatabwa lija, n'kulipachika pamtengo kapena pamzati pafupi ndi pamene wawachotsa, kuti makolo awo akamva kulira apitirize kuwabweretsera makoswe. Ndipo amayi Tembo ankabwereza zinthu zitatu mpaka ndinkatopa nazo: pitani awiri, valani chovala chobiriwira cha gulu, ndipo lankhulani ndi anthu a pa yadi musanakhudze makwerero. Ntchito zoyamba ndinazichita choncho, ndi mnzanga ba Sakala, m'nyumba za mipanda ku mayadi, kumene mwini nyumba amakupatsa madzi ozizira ukatsika.

Za bokosi palibe amene anandiuza kanthu, chifukwa bokosi linali mbali yanga. Matabwa ndinkatenga otsala ku mabokosi a maliro. Ine sinditulutsa chinthu chosasalala m'shopu mwanga, choncho ndinalipala bwino, ndinalipaka vanishi yofiirira yomweyo imene inali m'chitini, ndipo m'mbali ndinaika zogwirira zachingwe kuti likwezeke mosavuta. Pamwamba panali pafulati. Munthu aliyense wa m'komboni akanaona chimene ndinapanga. Ine ndekha sindinachione, chifukwa timabokosi ta makanda ndimakhala nato tsiku lililonse, ndimadyera pambali pake, nthawi zina ndimakhalira.

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa lija lotentha mpaka m'mano. Landilodi wina wa ku Mtendere, ba Zulu, anaimba kuti anthu ochita lendi pa yadi yake akudandaula: m'silingi ya chipinda chakumapeto muli chinthu chikufwenthera ngati njoka, ndipo mukununkha. Ba Sakala anali kutauni, anati ndiwadikire mpaka madzulo. Ine ndinati Mtendere ndi apa, ndidikire munthu chifukwa chiyani. Chovala chobiriwira chinali pachingwe, chonyowa. Ndinamanga makwerero pa wilibala, ndinaikapo bokosi, ndipo poopa kuti dzuwa liwononga vanishi ndinalifunditsa chitenje cha mkazi wanga.

Ndikudutsa pampopi azimayi anasiya kulankhula. Mmodzi anaika manja kumutu. Ndinaganiza kuti akudabwa makwerero.

Pa yadi ba Zulu kunalibe, anali atapita ku Kamwala kukaoda katundu wa kantemba kawo, kagolosale kakang'ono. Pafoni anati, "Kwelani chabe, mudala, chipinda cha kumapeto, nibwela manje manje." Chitseko cha chipindacho chinali chotseka, pakhomo pali beseni ndi timapatapata ta mwana. Sindinagogode. Ndinatsitsa bokosi n'kuliika pamthunzi, ndipo mthunzi wokhawo unali pakhomo pomwepo. Kenako ndinakwera.

Padenga umayenda potsata mzere wa misomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali mtanda. Ndinazula misomali ya lata lakumapeto, ndinalitukula, n'kuunika ndi tochi. Fungo linandimenya kumaso. Pakona panali mafupa a makoswe mulu, ndipo pamwamba pake tiana titatu toyera, tankhope ngati nkhalamba, tikugwedeza mitu uku ndi uku n'kumafwenthera. Ngakhale unaphunzira bwanji, tsitsi limaima. Ndikulowetsa dzanja, mayi wa tianato anatulukira pabowo lomwelo, phiko linandikhudza tsaya, ndipo anazungulira yadi yonse masana dzuwa likuswa mtengo, woyera mbee, asanakatere pamtengo wa mango kuseri kwa mpanda. Aliyense amene anali panja anamuona akutuluka pamwamba pa chipinda chimenecho.

Ndinaika tianato m'katoni kamodzikamodzi. Ndikutseka katoni, chitseko pansi chinatseguka. Mayi wina wamng'ono anatuluka ndi beseni lina, anapunthwa pa bokosi, n'kuchotsa chitenje.

Kulira kumene analira ndi kuja kumene timakudziwa tonse, kumene kumauza komboni yonse kuti pachitika maliro. Anthu anathamanga kuchokera kumbali zonse. Ena anafika akulira kale osadziwa amene wafa. Mwamuna wake anachokera kometa tsitsi, mutu theka, nsalu ili m'khosi. Anaona mkazi wake pansi, anaona kabokosi kavanishi pakhomo pake, anakweza maso n'kuona munthu wosamudziwa padenga. Ndi pamene anakuwa mawu aja, ine n'kumuyankha zachipongwe, makwerero n'kugwa.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinakuwa kuti ndine wa gulu la zachilengedwe, kuti bokosilo ndi la mbalame, kuti landilodi ndi amene wandiitana. Mawu oti mbalame ndi amene anawonjezera moto. Mayi wina anati, "Mwamvela? Akamba eka ati vinyoni ni vake!" Wina anati, "Ni mfwiti uyu, wabwela kutenga mwana!" Mwala woyamba unagwa palata. Wachiwiri unandipeza pakhutu, ndipo ndinamva kutentha kukutsikira m'khosi.

Apo mutu wanga unachita zimene umachita nthawi zonse. Ndinatulutsa hamala n'kuikweza, ndikukuwa kuti amene ali mwamuna akwere. Khamu lonse linabangula ngati pabwalo la mpira. Anyamata awiri anayamba kukwera mpanda wa chimbudzi. Kumbuyo kwa khamu ndinaona wina akugubuduza tayala lakutha, ndipo ndinamva wina akufunsa amene ali ndi palafini. Ine ndakulira m'komboni. Ndikudziwa ntchito ya tayala pa khamu lotere, ndinaionapo ndi maso pamsika, ndipo munthu amene anamuwotcha uja nayenso ankafotokoza.

Ndinayang'ana kumbuyo kwa nyumba kuti ndidumphe. Kunali mpanda wa mabuloko wa mabotolo osweka pamwamba, ndipo kuseri kwake kunali kale anthu. Katoni ndinali nditaikumbatira pachifuwa osadziwa, tianato tikufwenthera m'katimo, ndipo wina anakuwa, "Onani mwamene avigwilila, monga bana bake!"

Foni ndinaitulutsa ndi dzanja lonyowa magazi, ndinalephera kawiri kuitsegula, kenako ndinaimbira amayi Tembo. Amayi Tembo anamva phokosolo ndisanalankhule. Anati, "Hamala ikani pansi. Nkhalani pansi pa malata, osayankha munthu aliyense. Muli na Sakala?" Ndinati ayi. "Pali odwala pa nyumba iyo?" Ndinati zikuoneka choncho, mwana. "Adwala chani?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Simunafunse." Anadula foni.

Ndinakhala pansi. Malata a Okutobala amawotcha kudutsa buluku, koma ndinakhala. Hamala ndinaiika patali pamene onse akanaiona. Miyala inachepa, koma sinathe.

Pamene ndinakhala panali pafupi ndi lata lotukula lija. Silingi pansi pake inali yowola ndi ndowe za mbalame, ndipo pakona inali itabooka. Pabowo limenelo ndinaona m'chipinda. Pamatilesi pansi panagona kamwana ka zaka ngati ziwiri, kovula, maso olowa m'kati, milomo youma, ntchentche ikuyenda patsaya osaiingitsa. Amayi ake anali panja akulira, anthu onse anali panja ndi ine, mwana anali yekha. Ndinayang'ana kachifuwa kake. Kanakwera, kanatsika, n'kukhala nthawi yaitali kasanakwerenso.

Mantha enieni anandigwira pamenepo, osati pa tayala. Ndinadziwa kuti mwana ameneyu akasiya kupuma ine ndili padenga lino, palibe wapolisi, palibe m'busa, palibe landilodi amene adzanditsitse wamoyo. Ndinapemphera, ine amene kutchalitchi ndimapita pa maliro pokha. Ndisaname, sindinapempherere mwanayo chifukwa cha chifundo. Ndinkapempherera khosi langa, limene linali litamangidwa pa kachifuwa kameneko. Kakachedwa kukwera, nanenso mpweya unkaima.

Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva hutala, takisi ikukankha anthu pang'onopang'ono mpaka pageti. Amayi Tembo anatsika atavala chovala chobiriwira pamwamba pa diresi la kunyumba. Ena m'khamumo anali ophunzira awo akale, ndinamva mawu akuti "ba ticha" uku ndi uku. Sanandiyang'ane n'komwe, sananene liwu limodzi la akadzidzi kapena makoswe. Anadutsa pakati pa anthu, analambalala bokosi, n'kulowa m'chipinda. Ndinawaona pabowo akutsina khungu la pamimba pa mwana, khungulo n'kutsala chiimire, chizindikiro chakuti madzi amuthera m'thupi. Anamukulunga m'chitenje n'kutuluka naye.

"Amake mwana, nyamukani. Uyu mwana wasila madzi mu thupi. Imwe atate bake, chosani nsalu mu khosi, kwelani kusogolo. Tiyende ku kiliniki manje."

Khamu likaona mwana wamoyo limasokonezeka. Ena amene anafika akulira anayamba kufunsana kuti nanga wafa ndani. Mayi uja anakwera. Bamboyo anatsegula chitseko cha galimoto, koma asanalowe anandiloza. Sanakuwe. Anati, "Nakuziba iwe. Uli na shopu ku Kalingalinga, pafupi na ba ma geti. Uyu mwana akafa, uzangena mu bokosi yako weka."

Takisi itachoka, ba Zulu anafika ndi katundu wawo, akutuluka thukuta, akulumbira kuti ndi iwo anandiitana. Anthu anawatukwana nawonso, koma mphamvu inali itatha. Anaimika makwerero. Ndisanatsike ndinakhomerera lata lija pamalo pake, ndipo ine amene ndimakhoma msomali katatu kokha, ndinapinda misomali isanu. Bokosi ndinalipeza m'ngalande, wina atalimenya chidendene. Kulipachika pamtengo wa mango kunali kosatheka, ndikanangodziitanira tayala lachiwiri. Madzulo ba Sakala anatenga tianato kupita nato kwa membala wina amene ali ndi munda kunja kwa mzinda, amene mbali yake m'gulu ndi kulera mbalame zamasiye ndi zovulala. Makolo awo anatsala ku Mtendere akulira padenga lopanda kanthu. Ntchito imene ndinapitira ndinailephera.

Amayi Tembo anadutsa pashopu pochokera ku kiliniki. Anati mwana amuika diripi, koma anamwino sanalonjeze kanthu. Ndinayamba kudandaula za umbuli wa anthu, mawu akukwera monga mwa nthawi zonse. Anandidula. Analoza bokosi lija, kenako analoza timabokosi ta makanda timene tinali pashelefu kumbuyo kwanga, n'kunena kuti, "Ba Mwale, mukanakhala imwe?" Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uku. Thabwa limodzi, vanishi imodzi, dzanja limodzi. Ndikanakhala ine, mwana wanga ali gone m'nyumba, ndikanakwera padenga ndi chikwanje, makwerero kapena popanda makwerero.

Kuyambira pamenepo, ndikafika pa yadi ndimagogoda chitseko chilichonse, ndipo funso langa loyamba si la mbalame. Ndimafunsa ngati pali wodwala, ngati pachitika maliro posachedwa, ngati pali mayi woyembekezera. Akati alipo, makwerero amatsala pageti, tiyambe takhala pansi. Amene akufuna kulowa mbali iyi ya gulu ndimamuuza zomwezo: zikhadabo za kadzidzi magolovesi amaziletsa, koma mantha a anthu alibe magolovesi.

Madzulo a tsiku la ku Mtendere lija mkazi wanga anati ndikagone kwa mchimwene wanga ku Matero mpaka timve za mwana. Ndinakana, koma makina opalira ndi bokosi la zida ndinazisamutsira kwa mnzanga wowotcherera, chifukwa shopu yodzaza utuchi imangofuna machesi amodzi. Tulo sindinatione. Galimoto iliyonse yoima pamsewu ndinkaiyesa yawo.

Kutacha ndinavala chovala chobiriwira n'kupita ku kiliniki wapansi. Ndinaopa kulowa. Ndinaima pageti, makutu ali tcheru kumvetsera kulira kuja. Bamboyo ndinamupeza atakhala pamwala, mutu ukadali theka. Anandiona, sanaimirire.

Ndinati, "Mwana bwanji?"

Anayang'ana bandeji ya pakhutu langa nthawi yaitali. Anati, "Wamwa phala."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Bamboyo anati, "Vinyoni vako?" Ndinati vinapita. Anagwedeza mutu, ndipo palibe amene anapepesa mnzake.

Nditabwerera ku shopu ndinatulutsa bokosi lija n'kuliika pamsewu pamene aliyense akudutsa. Ndinadula zogwirira zachingwe, ndinazula chivundikiro chafulati, ndinapala vanishi yonse mpaka thabwa linayera. Ndinadula mbali zake mopendekeka, n'kukhomapo kadenga ka lata kotsetsereka, kotulukira kutsogolo ngati khonde. Kenako ndinalipaka penti yobiriwira, yowala yoti uione uli kutali.

Mnzanga wowotcherera anakweza magalasi ake akuda n'kukuwa, "Mudala, manje wayamba kumanga tunyumba twa nkhunda?"

Ndinati, "Wati chani?"

"Nati kanyumba!"

Ndinati, "Basi. Kamba futi, bamvele bonse." Ndinatenga bokosi lachiwiri la akadzidzi pashelefu n'kuyamba kulizula misomali.